Uthenga wobisika m'gemu yanu: kuti wosewera atuluke thukuta koma asaponye foni pansi

Loweruka lililonse tikakumana ndi achinyamata amene timaphunzira limodzi kupanga magemu kuno ku Dedza boma, sipalephera kupezeka mmodzi wonditambasulira foni n'kumati, "Achimwene, tayesani uthenga wobisikawu. Anzanga akuti ngwovuta, koma ine ndikuona kuti ngwophweka zedi." Funso limeneli, la mmene mungapimire kulimba kwa uthenga wobisika m'gemu, ndaliyankha pa WhatsApp, ndaliyankha mu minibasi ya ku Lilongwe, tsiku lina ndinaliyankha pa chiwaya mpaka tchipisi kuzizira. Ndatopa kubwereza. Ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomutumizira.

Tiyambe tamvana mawu. Chimene opanga magemu amachitcha cipher ndi uthenga umene zilembo zake zasinthidwa motsata lamulo linalake, moti wodziwa lamulolo akhoza kuubweza n'kuuwerenga. Nambala kapena mawu otsegulira lamulolo ndiye kiyi. Ine ndimangoti chilapi cha zilembo, chifukwa ntchito yake ndi yomwe ija ya "Chilape!" "Nachize!" madzulo pabwalo: wofunsa amafuna omvera avutike pang'ono, kenako aombe m'manja. Chilapi choti wina wayankha inu musanamalize kunena sichikoma. Choti bwalo lonse lalephera, ndipo atauzidwa yankho akuti "aaa, zimenezo ndiye ziti?", n'choipa kuposa pamenepo.

Dziwiranitu kuti inu wopanga simungathe kupima nokha kulimba kwa chilapi chanu. Amene wabisa ndalama m'thumba la chimanga sadabwa akaipeza. Zonse zili m'munsimu ndi njira zozembera vuto limenelo.

1. Funsani kaye: chilapichi chatseka njira iti?

Pali chilapi choti wosewera sangapitirire gemu asanachimasule, ndipo pali cha m'mbali, chongopatsa kamphatso kapena kuulula mbiri ya munthu wina wa m'gemumo. Cha pa njira yaikulu chikhale choti pafupifupi aliyense amene wafika pamenepo achithe. Ukatswiri wanu wonse wobisa kauonetsereni m'mbali, kumene wofuna yekha ndiye amapatukira. Ambiri mumachita zosemphana. Chilapi chimene mwachinyadira kwambiri mumachiika pakhomo lenileni la levulo yachiwiri, ndiye anthu amathera pomwepo, ntchito yanu yonse ya miyezi itatu ili kuseri kwa chitseko.

2. Werengani zitseko, mukhome chimodzi chokha

Chilapi cha zilembo chimaoneka ngati ntchito imodzi koma wosewera amadutsa zitseko zisanu. Choyamba, azindikire kuti pano pali uthenga, si zokongoletsera khoma. Chachiwiri, adziwe mtundu wa kabisidwe kake. Chachitatu, apeze kiyi. Chachinayi, amasule chilembo chimodzichimodzi. Chachisanu, adziwe chochita ndi mawu amene atulukawo.

Pa chilapi chilichonse sankhani chitseko chimodzi choti chikhale chokhoma. Zinazo zikhale zongokankha. Mukafuna chilapi cholimba cha kumapeto, khomani ziwiri. Kupitirira apo ndi nkhanza.

Ine ndinaphunzira izi mochititsa manyazi. Gemu yanga yoyamba inali ya mnyamata wofunafuna chimene agogo ake anakwirira m'phiri la Dedza. Ndinaika koloboyi pa windo la kanyumba kuti izithima ndi kuyaka motsata Morse, njira yoimira zilembo ndi zizindikiro zazifupi ndi zazitali. Zilembo zotuluka pamenepo zinali zosunthidwa, ndipo kiyi yake inali chiwerengero cha mbuzi za mu levulo yam'mbuyo. Ndinkadziona ngati dolo. Ndinapatsa foni mwana wa mlongo wanga, wa Fomu 3, wakuthwa mutu ndithu. Anayang'ana, n'kundibwezera: "Amalume, nyali yanuyi ili ndi vuto, ikungophethira." Sanafike n'komwe pa chitseko chachiwiri. Mbuzi zija palibe amene anaziwerengapo.

3. Sankhani mtundu molingana ndi zimene mudzapereke

Mitundu ilipo yambiri, koma itatu iyi ndi imene mumandibweretsera.

Wophweka ndi wa Caesar: chilembo chilichonse chimasunthidwa malo angapo kutsogolo pa alifabeti. Wolemba mbiri wa ku Roma, Suetonius, ananena kuti Julius Caesar ankasuntha malo atatu, A kukhala D. Pa zilembo 26 pali masunthidwe 25 okha, choncho munthu wakhama akhoza kuyesa onse. Uwu ndi wabwino kuyambira.

Wachiwiri ndi wosinthanitsa: chilembo chilichonse chili ndi mnzake kapena chizindikiro chake, mosatsata dongosolo la alifabeti. Njira zosanjira zilembo 26 ndi zambiri moti nambala yake ili ndi manambala 27, ndiye musaganize kuti wina angayese zonse. Koma zimenezi zisakunamizeni kuti ngwolimba. Kalekale, m'zaka za m'ma 800, katswiri wa ku Baghdad, Al-Kindi, analemba njira youthyolera: kuwerenga chizindikiro chimene chikubwera kawirikawiri n'kuchiyerekeza ndi chilembo chimene chimachuluka m'chinenerocho.

Wachitatu ndi umene umatchedwa wa Vigenère, ngakhale amene anaufotokoza poyamba ndi Giovan Battista Bellaso mu 1553. Apa kiyi ndi mawu, ndipo chilembo chilichonse cha kiyi chimasuntha mosiyana. Tengani DEDZA, kiyi ikhale MUA, yobwerezedwa mpaka mawu athe, powerenga A ngati 0: mupeza PYDLU. Onani kuti D woyamba wasanduka P pamene D wachiwiri watsala D yemweyo. Njira ya Al-Kindi yafera pomwepo. Panapita zaka zoposa 300 kuti Friedrich Kasiski asindikize njira youthyolera mu 1863. Ndiye inu musayembekezere kuti mwana wa ku Bembeke authyola pa foni ya itel akudikira nsima. Mukagwiritsa ntchito mtundu uwu, kiyi iperekedwe m'gemumo, ndipo chilapi chikhale pa kupeza kiyiyo basi.

4. Pimani ndi Chichewa, osati ndi Chingerezi

Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu oganizira uthenga wa Chingerezi, kumene E ndiye amachuluka. Mukawatsata osaganiza, chilapi chanu chidzalimba kapena kufewa pamalo amene simunayembekezere. Chichewa chili ndi mayendedwe akeake.

Taonani uthenga uwu: KIYI ILI PANSI PA MTONDO. Tikasuntha malo atatu, ukhala NLBL LOL SDQVL SD PWRQGR.

Tsopano yang'anani chilembo chomaliza cha mawu aliwonse: L, L, L, D, R. Pafupifupi mawu onse a Chichewa amathera ndi chilembo cha liwu, a e i o u za ku sitandade 1 zija. Wosewera wotchera khutu ku chinenero chake wadziwa kale kuti L, D ndi R ndi zilembo za liwu, asanayese china chilichonse. Aonanso SD ali payekha, ndipo SD yemweyo akuyamba mawu ena. Timawu ta zilembo ziwiri tilipo tochepa: pa, ku, mu, wa, ya, za, la. Sipatenga nthawi kuti aganize "pa" ndi "pansi". Uthenga ukakhala wautali, mawu a zilembo zitatu obwerabwera ndi "ndi", ndipo chilembo chochuluka kuposa zonse ndi A. C sayenda yekha, amakhala ndi H pambuyo. H nayenso kawirikawiri amatsata C, K, P kapena T. Kachizindikiro kam'mwamba ka mu ng'ombe ndi m'nyumba mukakasiya poyera, mwaulula NG kapena M mwaulere.

Izi si zoipa. Ndi zingwe zimene mungamange kapena kumasula kuti mupeze mlingo umene mukufuna.

Mukafuna chifewe, siyani mipata pakati pa mawu, siyani kachizindikiro kaja, ndipo onetsetsani kuti "ndi" kapena "pa" alimo kangapo. Mukafuna chilimbe pang'ono, chotsani kachizindikiroko. Mukafuna chilimbe kwambiri, chotsani mipata n'kulemba zilembo m'magulu a zisanuzisanu, chifukwa pamenepo nzeru ya chilembo chomaliza yatha ntchito. Koma musachotse mipata pa chilapi choyamba kapena chachiwiri. Wosewera aione kaye nzeru ija ikugwira ntchito, kuti mukadzamulanda adzamve kuti mwamulanda kanthu.

Kutalika kwa uthenga kumanamiza anthu. Mumaganiza kuti waufupi ndiye wophweka. Pa mtundu wosinthanitsa wopanda kiyi ndi zosemphana: mawu amodzi a zizindikiro zinayi akhoza kukhala "moto", "bodo", "mutu" kapena china chilichonse chofanana kapangidwe, ndipo palibe pogwira. Ziganizo ziwiri kapena zitatu zimapatsa wosewera poyambira. Choncho uthenga waufupi uziyenda ndi kiyi, wopanda kiyi uzikhala wautaliko.

Pali msampha wina umene wagwira anthu atatu mwa amene ndawathandiza. Chichewa sichigwiritsa ntchito Q ndi X. Wopanga wina, pofuna kuti gemu ikhale yakwathu, amachotsa ziwirizi n'kusuntha pa zilembo 24, koma osauza wosewera. PANSI pa zilembo 24 amakhala TDRVL. Wosewera akabweza malo atatu pa alifabeti ya 26 imene anaimba ku sukulu, apeza QAOSI. Waganiza bwino, wachita bwino, koma gemu yamuuza kuti walakwa. Sankhani alifabeti imodzi ndipo muilembe poonekera m'gemumo, pa bolodi la m'kalasi, pa kalendala, paliponse. Ŵ nayenso mumuganizire: mwina ndi chilembo pachokha, mwina mukumuwerenga ngati W. Ine ndimangolemba W.

5. Phunzitsani musanafunse, ndipo zonse zikhale m'gemu

Wosewera asanakumane ndi chilapi chokhoma njira, akumane ndi kabisidwe komweko pamalo popanda chilango. Njira imene ndimaikonda ndi chikwangwani. Ikani chikwangwani cha pamsewu cholembedwa mbali imodzi DEDZA, mbali inayo GHGCD. Musafotokoze kalikonse. Wochenjera aona kuti G wabwera kawiri pamalo a D, ndipo wadziphunzitsa yekha. Zimene munthu wadzipezera yekha saziiwala, komanso amakunyadirani nazo.

Magemu akuluakulu amachita zimenezi m'njira zosiyana. Mu Final Fantasy X ya 2001, chinenero cha Al Bhed ndi kusinthanitsa zilembo chabe, ndipo wosewera amatola timabuku 26 pamene akuyenda, kalikonse kakumuululira chilembo chimodzi. Mawu amayamba kumveka pang'onopang'ono, iye n'kumadzaza m'mipata ndi mutu wake. Mu Fez ya 2012 muli malo pamene nkhandwe ikudumpha galu pafupi ndi mwala wa zilembo zachilendo. Wodziwa chiganizo chotchuka cha Chingerezi cha nkhandwe ndi galu, chimene chili ndi zilembo zonse 26, wapeza kiyi ya alifabeti yonse. Ndi nzeru yokongola, koma kwa munthu amene sanamvepo chiganizocho, nkhandweyo ndi nkhandwe basi. Phunziro lake kwa ife ndi loti kiyi yochokera kunja kwa gemu ikhale chinthu chimene osewera anu amachidziwadi: masiku a sabata, a e i o u, mayina a malo a pa M1 monga Linthipe ndi Lizulu.

Musadalire kuti wosewera akafufuza pa Google. Bandulo ndi ndalama, ndipo netiweki kuseri kwa mapiri athuwa imabwera mwa kufuna kwake. Ngati mwaika Morse, tchati chake chikhale chopachikidwa pakhoma m'gemumo.

Pa nkhani ya zizindikiro ndipatuke pang'ono. Ambiri mumafuna kutenga zojambula za m'mapanga a Chongoni kuti zikhale alifabeti yanu, poti ndi zathu ndipo UNESCO inazilemba m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006. Ndikumvetsa. Koma zambiri mwa zojambula zoyera zija zimakhudza chinamwali ndi Nyau, ndipo eni ake alipo, tikukhala nawo. Si zoti muzisandutse A, B, C. Jambulani zanu: khasu, lichero, mphika, nkhwangwa, mtondo. Zikhale zosiyana kwambiri maonekedwe, chifukwa zizindikiro zongosiyana potembenuka kapena kadontho kamodzi sizioneka pa sikirini yaing'ono yosweka, makamaka padzuwa. Musasiyanitsenso ndi mtundu wokha, wofiira ndi wobiriwira, popeza alipo anthu amene mitundu iwiriyi saisiyanitsa bwino.

6. Kuganiza kukhale kwa munthu, kukopera kukhale kwa foni

Kukoma kwa chilapi kuli pa mphindi imene munthu wati "Ahaa!" Zotsatira zake, kulemba chilembo chimodzichimodzi, ndi ganyu. Uthenga wa zilembo 60, chilichonse chikatenga masekondi 5, ndi mphindi 5 za kukopera chinthu chimene wachimvetsa kale. Akalakwitsa chimodzi pakati, ayambirenso. Ambiri mumayesa kuti mwalimbitsa chilapi pamene mwangotalikitsa ganyu.

Konzani kuti wosewera akanena kuti lichero ndi A, malichero onse a mu uthengamo asanduke A nthawi yomweyo, ndipo athe kusintha maganizo. Pa Caesar, mpatseni gudumu la mizere iwiri ya alifabeti loti azizunguza ndi chala. M'mapulogalamu opangira magemu monga GDevelop kapena Godot zimenezi ndi ntchito ya madzulo amodzi. Uthenga umene waonapo usungidwe m'kabuku ka m'gemu, kuti asabwerere levulo ziwiri kukaona khoma.

7. Kuyesa ndi anthu, inu mutatseka pakamwa

Apa ndiye pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ambiri amangolemba kuti "yesani ndi anzanu" n'kudutsa. Kuyesa kuli ndi kachitidwe kake, ndipo kwathu kuno kuli ndi vuto lapadera: ulemu. Mukapatsa gemu mng'ono wanu kapena mwana amene mumamuphunzitsa, n'kumufunsa kuti waiona bwanji, yankho ndi limodzi: "Zili bwino, achimwene." Angakhale sanamvepo kanthu, sangakuuzeni pamaso. Choncho musamvere pakamwa pake. Yang'anani zala.

Pezani anthu asanu, mmodzimmodzi, osati pagulu, chifukwa pagulu wochenjera mmodzi amayankhira onse. Mwa asanuwo, awiri akhale osakudziwani bwino, ndipo mmodzi akhale woti sakonda magemu. Muuzeni kuti: "Sindikuyesa inu, ndikuyesa gemuyi. Mukalephera ndiye kuti mwandithandiza." Mpatseni pepala ndi pensulo. Khalani kumbuyo kwake, chapambali, pamene mukuona sikirini koma iye sakuona nkhope yanu. Nkhope ya wopanga imaulula mayankho kuposa pakamwa.

Kenako khalani chete. Izi n'zowawa kuposa mmene mukuganizira. Mudzamuona akudutsa chikwangwani chija kachitatu osachiyang'ana, ndipo lilime lidzakuyabwani. Mukangoti "tayang'anani kumanzereko", kuyesa kwatha, munthuyo mwamuwononga, chifukwa wosewera wa ku Mzuzu amene adzatsitse gemu yanu sadzakhala ndi inu kumbuyo kwake. Akakufunsani, yankhani ndi funso: "Inuyo mukuganiza kuti gemu ikufuna chiyani?" Lembani yankho lake mmene walinenera.

Pa pepala lanu lembani nambala 1 mpaka 5, zitseko zija, ndipo muzilemba nthawi imene wadutsa chilichonse. Zizindikiro zake zimaoneka. Akaima n'kuyandikitsa foni kumaso, wadutsa choyamba. Akatola pensulo, wadutsa chachiwiri kapena akuganiza kuti wadutsa. Milomo ikayamba kugwedera akuyesa mawu, zinthu zili bwino, musamusokoneze ngakhale papite nthawi, chifukwa munthu amene akuvutika ali ndi poyesa ndiye akusangalala. Choopsa ndi zala zikayamba kudina paliponse mwachisawawa, kapena akayamba kuyang'ana kunja. Pamenepo alibenso choyesa. Mulekeni kwa mphindi ziwiri, kenako muimitse.

Mukamuimitsa, muonetseni yankho, ndipo mumvetsere liwu loyamba kutuluka. Akadzimenya pachipumi n'kuti "Ishii, ndinapusa bwanji!", chilapi n'chabwino, chikungofuna kafungo kena pang'ono. Akati "Nanga ndikanadziwa bwanji?", cholakwa n'chanu. Awiriwa onse alephera, koma matenda ake ndi osiyana, ndipo nthawi yokha singakuuzeni.

Tsopano ikani mapepala asanu aja pamodzi. Muyezo wanga, umene ndangouzolowera pogwira ntchito, ndi uwu: atatu kapena kuposa akakakamira pa chitseko chimodzi chimene simunafune kuti chikhale chokhoma, konzani chitsekocho. Onse asanu akadutsa osaima ndi pang'ono pomwe, chilapi palibe, mangani chingwe chimodzi cha mu gawo 4. Cha pa njira yaikulu ndimafuna anayi mwa asanu achithe okha mphindi 10 zisanakwane.

Ndipo konzani chitseko chimene chavuta, osati china. Ichi ndi cholakwa chimene ndimachiona kwambiri: anthu akakamira pa chitseko choyamba, wopanga amapita kukafewetsa kiyi. Ngati sakuona kuti pali uthenga, usunthireni pamene maso amagwera, kapena munthu wa m'gemu aime n'kuuyang'ana. Ngati sakudziwa mtundu, bwererani ku chikwangwani chophunzitsira, mwina chili patali kwambiri. Ngati kiyi sakuipeza, iyandikitseni, kapena ikani chizindikiro chofanana pa kiyi ndi pa uthenga. Ngati akutopa pomasula, dulani uthenga. Ngati amasula koma sakudziwa kolowera, vuto ndi mawu anu. KIYI ILI PANSI PA MTONDO imagwira ntchito ngati m'mudzi wa m'gemumo muli mtondo umodzi. Mwana wina anandizungulira levulo yonse akufuna mtengo wa mtondo, osati wosinjira, ndipo sanalakwe.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha zitatu, simudziwa chimene chathandiza, ndipo kawirikawiri mumapezeka kuti mwafewetsa mopyola.

8. Thandizo likhale la masitepe, ndipo likhale ndi mtengo

Pa zilapi za pabwalo, olephera amapereka ng'ombe ya pakamwa kuti auzidwe yankho. Makolo anadziwa kuti yankho laulere limapha masewera. Chitani chimodzimodzi, koma m'masitepe atatu. Loyamba lingoloza koyang'ana: "Agogo ankakonda kuima pa chikwangwani chija." Lachiwiri linene njira: "Chilembo chilichonse chasuntha mofanana." Lachitatu lipereke kiyi, koma kumasula amalize yekha, kuti "Ahaa" wina amutsalire.

Thandizo lisadzitulukire lokha munthu akuganiza, alipemphe. Mtengo wake ukhale wa m'gemu momwemo, ndalama zamasewera kapena kudikira mphindi imodzi. Musamukakamize kuonera kanema wa malonda kuti apeze thandizo pa chilapi cha njira yaikulu. Bandulo yake ikathera pamenepo, gemu yanu aichotsa usiku womwewo.

9. Tsekani njira ya kulota, tsegulani ya kalembedwe

Ngati yankho ndi kusankha zizindikiro zitatu, malo alionse ali ndi zinayi zosankhapo, njira zonse ndi 64 zokha, ndipo mwana wopirira azidina zonse osawerenga uthenga wanu. Loko ya manambala anayi ili ndi njira 10,000, imeneyo sangayese. Gemu ya Return of the Obra Dinn ya 2018 inapeza nzeru ina: imatsimikizira mayankho pokhapokha atatu akakhala olondola pamodzi, moti kulota limodzilimodzi sikupindula. Mukhoza kuchita zofanana, gemu izivomereza zizindikiro m'magulu, osati chimodzichimodzi.

Mbali inayo, musalange munthu chifukwa cha kalembedwe. Ife L ndi R timawasinthanitsa tsiku lililonse: ndili ndi ndiri, mbili ndi mbiri. Wina alemba ntchito, wina nchito. Wina m'nyumba, wina mnyumba. Ngati wosewera akulemba yankho ndi dzanja lake, gemu ilandire zonsezi, zilembo zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Koma mu uthenga wobisikawo sankhani kalembedwe kamodzi n'kukhala nako mpaka kumapeto.

10. Sanjani zilapi ngati msewu wa ku Golomoti

Amene anakwerapo kuchokera ku Golomoti kubwera kumtunda kuno akudziwa kuti msewu uja sulunjika phiri. Umakhota, umapumira, kenako n'kukweranso. Pambuyo pa chilapi cholimba ikani chofewa cha mtundu womwewo, kuti wosewera amve kuti tsopano wakula. Mtundu watsopano uziyamba wofewa nthawi zonse, ngakhale kumapeto kwa gemu. Chilapi chomaliza chisabweretse lamulo lachilendo, chingophatikiza awiri amene wawadziwa kale.

Mukasanja, yesaninso gemu yonse kuyambira poyamba, ndipo apa mukumana ndi vuto lomaliza: oyesa amatha. Munthu amene wamasula chilapi kamodzi, kapena munamuonetsa yankho, sangakuyesereninso chimenecho. Nawonso amene mwawayesa kambiri amazolowera kaganizidwe kanu, amayamba kuyang'ana pansi pa mtondo uliwonse. Choncho musawononge anthu asanu pa chilapi chimene simunachimalize. Yambani ndi mmodzi, pa pepala chabe musanalembe ndi pulogalamu yomwe, ndipo sungani anthu angapo osakhudzidwa kuti adzayese komaliza. Ine a ku boma kuno anandithera chaka chatha, moti masiku ano ndimakwera minibasi kupita ku Lizulu, kukapempha achinyamata ogulitsa kabichi ndi mbatata ya kachewere kuti andiyesere pamene kasitomala wachepa. Mukapita kotero, gulani kaye kenakake musanatulutse foni, nyamulani pawabanki, ndipo mapensulo akhale awiri chifukwa imodzi sibwerako.